Malire Adapeza Anthu: Mbiri ya Mkaika Pakati pa Maiko Atatu

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, msewu wolowera ku Mkaika m'boma la Katete umayamba kufuka fumbi kusadache. Mabasi a ku Dedza, Ntchisi, Kasungu ndi Chikwawa amadutsira pa chipata cha Mwami, malole a ku Chifunde, Macanga ndi Angónia amalowera pa Chanida. Onsewo ulendo ndi wa ku Kulamba, kukatula mitulo kwa Kalonga Gawa Undi ndi kukamuuza momwe anthu ake agonera m'chakacho. Mafumu oposa 200 a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amamutcha kholo lawo. Komatu mfumu ya ku Dowa isanakagwade pamaso pa Gawa, imayamba yaima pa zenera la a zolowa ndi kutuluka, chiphaso m'manja, kudikira chidindo. Kwa lamulo, iyo ndi mlendo wochokera kunja.

Momwe zidafikira pamenepa ndi nkhani yaitali, ndipo nthawi yoidziwa ndi ino, pomwe mvula yasiya kudalirika koma maboma athu akamakonzanso malamulo oyendetsera dziko, anthu a m'malire satchulidwamo n'komwe.

Mbiri yomwe akuluakulu amasunga, yomwenso Harry Langworthy adailemba atacheza ndi nkhalamba za kuno m'zaka za m'ma 1960, imati Undi adali mbale wa Kalonga ku likulu la Amaravi cha ku Mankhamba, kufupi ndi nyanja ya Malawi. Kutabuka mkangano wa ufumu, Undi adanyamuka kulowera kumadzulo, ndipo sadapite yekha. Adatenga Nyangu, mayi wa ufumu, ndi mbumba ya Aphiri. Kwa ife Achewa ufumu umatsata kuchikazi, choncho amene ali ndi Nyangu ndiye wasunga mafumu amawa. Adakamanga ku Mano, m'dera la mtsinje wa Kapoche, komwe lero kuli m'chigawo cha Tete. Kuchokera kumeneko dzina lake lidamveka mpaka kwa Ansenga cha ku Petauke, kutsikira ku Zambezi, ndi kuvuma mpaka ku mapiri a Dzalanyama.

Ufumu umenewu udalibe mzere woti apa ndiye pathera. Wofuna kudziwa dziko la Undi ankayang'ana komwe mitulo ikulowera. Mlenje akapha njovu, mnyanga wogunda pansi unkakhala wa mwini dziko. Chikopa cha mkango kapena cha kambuku sichinkagona m'nyumba ya munthu wamba. Eni dziko ankapititsa gawo lawo ku Mano, Undi n'kubweza nsalu, mikanda, ndi chilolezo cha mzinda choti mudzi uzivinira anamwali ndi kukhala ndi dambwe lakelake. Za mvula ndiye zidali ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, kwa Makewana, mkulu wa kachisi wa mvula, ndi a pfuko la Abanda. Mvula ikakanika, Undi mwini wake ankatumiza mphatso kumeneko. Matthew Schoffeleers, wansembe amene adafufuza kwambiri za akachisi a mvula, adaonetsa kuti malo oterewa sadali opembedzera chabe. Ndiwo ankasunga mwambo wa nthawi yotentha tchire, yoyamba uzimba, ndi wa nkhalango zosalowamo nkhwangwa. Zina mwa zimenezi zikadalipo. Ukayenda mu Sinda kapena Vubwi mwezi wa Okutobala, dziko lonse litayera mbee, n'kuona kachigulu ka mitengo ikuluikulu kataima pakati pa minda, usafunse: pamenepo ndi pamanda. Palibe wa zankhalango amene amalondera mitengo imeneyo.

Sindikunena kuti kale kudali mtendere wokhawokha. Ufumu womwewo unkagulitsa minyanga kwa Apwitikizi a ku Tete ndi Zumbo, ndipo m'kupita kwa nthawi anthunso adagulitsidwa. Ofuna golide adadzakhazikika pafupi ndi Mano penipeni, Achikunda ndi mfuti zawo adasiya kupereka mnyanga wapansi, ndipo mafumu ang'onoang'ono adayamba kuchita malonda paokha. Kenaka kudabwera Angoni. Adaoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba, ndipo cha m'ma 1870 Mpezeni adali atakhazikika m'dera la Chipata ya lero. Kachisi wa ku Msinja adapasulidwa, Achewa ambiri adathawira m'mapiri ndi m'malinga. Ku Mankhamba nako, Kalonga Sosola adaphedwa m'nkhondo ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860. Azungu olemba malire adapeza dziko litatopa kale.

Pa 11 Juni 1891, Britain ndi Portugal adasainirana pangano ku Lisbon. Chaka chimodzi izi zisanachitike, Angelezi adali ataopseza Apwitikizi kuti achotse asilikali awo ku Shire ndi ku Mashonaland, choncho panganolo lidali lothetsa mkangano wa iwo awiri. Mzere wake udatsata msana wa mtunda pomwe madzi amagawikana, ena kupita ku nyanja ya Malawi ena ku Zambezi, mpaka pa madigiri 14 kumwera. Kuchokera apo udangolunjika kumwera chakumadzulo mpaka pomwe madigiri 15 akumana ndi mtsinje wa Luangwa. Mzere wolunjikawo ndiwo lero uli kumwera kwa Vubwi, Chadiza, Katete ndi Sinda. Udadula Kapoche pakati, gwero lake kutsala kwa Angelezi, Mano kupita kwa Apwitikizi. Pakati pa Nyasaland ndi dziko la kampani ya Cecil Rhodes, malire adangoti ndi msana wogawa madzi a Luangwa ndi a ku nyanja. Poti mbali zonse ziwiri zidali za Angelezi, sadavutike kuika zipilala mokwanira, ndipo ntchito yoyeza malirewo bwinobwino Zambia ndi Malawi adadzayamba limodzi m'zaka za m'ma 1990. Oyezawo adapeza minda, midzi ndi manda zili uku ndi uku kwa mzere womwe eni ake sadauonepo.

Komabe malire amene adapweteka nthaka ya kuno koposa sadali amenewo ayi. Adali am'kati. Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, adanena kuti Mpezeni adampatsa dziko, ndipo pepala lakelo lidabala kampani ya North Charterland Exploration Company mu 1895, yomwe idatenga malo okwana masikweya mailosi 10,000. Angoni atagonjetsedwa mu Januwale 1898 ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, ataphedwa, padalibenso wotsutsa. Kampani idasunga nthaka yabwino kuyembekezera Azungu odzalima fodya ndi kuweta ng'ombe. Eni dziko adakankhidwira m'malo opatulidwa, omwe boma lidawakhazikitsa mwalamulo mu 1928. Azungu oyembekezeredwawo adabwera ochepa chabe.

Zotsatira zake Leroy Vail adazilongosola bwino mu 1977. Komwe anthu adachotsedwa, tchire lidamera, nyama zakuthengo zidachuluka poti Afirika adaletsedwa kusaka ndi kukhala ndi mfuti, ndipo kashembe adafalikira n'kuyamba kupha ng'ombe ndi kubweretsa kaodzera. Komwe anthu adapanikizidwa, munda sunkapumanso. Adalima m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, mitengo idatha, madambo adauma, zigwembe zidang'ambika. Amuna adali ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni kufunafuna ya msonkho, akazi ndi nkhalamba ndiwo adatsala ndi khasu. Boma la atsamunda lidadzaona lokha kuti zafika poipa, ndipo mu 1941 lidagula malo a kampaniyo n'kuyamba kusamutsirako midzi. Koma pofotokoza chomwe chidaononga nthaka, chala chidaloza mlimi: akuti salima bwino. Ndimo mudachokera migula yokakamiza ndi chindapusa, zomwe zidadanitsa anthu ndi alangizi kwa zaka zambiri. Ndimaikumbukira mbiri imeneyi nthawi zonse ndikamva wina wa ku Lusaka akunena kuti anthu a Kum'mawa ndi osasamala mitengo. Mzere wolembedwa mu ofesi ndiwo udayamba kuguga nthaka ino, ndipo ofesi yomweyo idadzaweruza wolakwa.

Nthawi yonseyi Undi adali ku dziko la Apwitikizi, komwe chibalo ndi mbalamatodya zidathawitsa anthu ambirimbiri kulowa ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1935 Undi naye adaoloka, ndipo mu 1937 Angelezi adamuvomereza kukhala mfumu yaikulu ya Achewa. Iwo adali ndi cholinga chawo. Ulamuliro wodzera mwa mafumu unkafuna mutu umodzi pa mtundu uliwonse, ndipo Angoni adali naye kale Mpezeni. Koma Achewa adauona mwayiwo n'kuugwira. Ufumu womwe udabadwira ku Malawi ya lero, n'kukulira ku Mozambique, udadzakhala ku Zambia. Mwambo wa Kulamba udazilala m'masiku a atsamunda, mpaka Kalonga Gawa Undi X adautsitsimutsa mu 1984. Iye adamwalira mu 2004, ndipo Gawa Undi XI adalowa m'malo chaka chomwecho. Mu 2007 apulezidenti atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, adakhala pa bwalo limodzi ku Mkaika. Gule Wamkulu naye bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005 m'dzina la maiko onse atatu.

Ufulu utabwera, atsogoleri a Afirika adagwirizana ku Cairo mu Julaye 1964 kuti malire a atsamunda akhale momwe alili. Patangopita zaka zinayi, Kamuzu Banda adanena poyera kuti malire enieni a Malawi ndi mtsinje wa Luangwa, kutanthauza kuti Chipata, Katete ndi Lundazi ndi zake. Kenneth Kaunda adakana kwamtuwagalu, ndipo adachita bwino. Kusuntha mzere kukadangosamutsa vuto. Ansenga, Akunda ndi Angoni a kuno sadafunsidwe, Achewa a ku Tete akadatsalabe kunja, ndipo pomwe pakokeredwa mzere watsopano pamagwa magazi.

Magazi adagwabe, kuchokera kwina. Frelimo idatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo Apwitikizi adasonkhanitsa anthu m'midzi yotchingidwa kuti asadyetse ankhondo. Ufulu wa 1975 sudakhalitse mwamtendere. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya Renamo idasefukira m'midzi ya Chadiza, Katete ndi Petauke, ng'ombe zidalandidwa, anthu adaphedwa ndi kubedwa. Othawa ena boma lidawasonkhanitsa ku Ukwimi m'dera la Petauke, ndipo ku Malawi adapitirira miliyoni imodzi. Koma ambiri amene adaolokera kuno sadalembedwe m'buku lililonse. Adafikira kwa amalume awo, nyakwawa n'kuwalozera pomanga ndi polima, mpaka pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992 lidawatsegulira njira yobwerera. Ntchito imene maboma ndi mabungwe adaivutikira, mudzi udaigwira ndi mwambo wake wakale wolandira mbumba.

Tsono tiyang'ane zomwe malamulo aakulu a dziko adachita nawo anthu amenewa. Zambia yakonza malamulo ake kambirimbiri: komishoni ya Chona mu 1972 idabala chipani chimodzi, ya Mvunga mu 1991 idatsagana ndi kubwerera kwa zipani zambiri, kenaka ya Mwanakatwe, ya Mung'omba, mpaka kusintha kwa 2016. Pa zonsezi, pomwe malire adalowa mwamphamvu m'malamulo ndi mu 1996, ndipo adalowa ngati chida. Lamulo lidati wofuna upulezidenti akhale ndi makolo onse awiri a Chizambia. Aliyense adadziwa kuti akulinga Kaunda, wobadwira ku Lubwa koma makolo ake ochokera ku Nyasaland. Mu 1999 khoti la ku Ndola lidafika ponena kuti munthu amene adalamula Zambia zaka 27 alibe dziko. Izi zisanachitike, mu 1994, andale awiri a chipani cha Kaunda cha UNIP, William Banda ndi John Chinula, adathamangitsidwira ku Malawi. Chinula adafera komweko, ndipo komishoni ya Afirika yoona za ufulu wa anthu idagamula mu 1999 kuti Zambia idalakwa.

Taganizani momwe lamulo lotere limamvekera ku Vubwi, dera la Mfumu Pembamoyo, komwe Malawi ili kuvuma ndipo Mozambique ili kumwera. Mnyamata wa ku Mchinji amadzakwatira chikamwini, ana n'kukhala a mbumba ya mayi wawo, munda wawo ndi wa kuchikazi, nkhoswe yawo ndi malume. Palibe pamudzi amene angakaikire kuti anawo kwawo ndi kuti. Koma lamulo la 1996 likadawatcha okaikitsa chifukwa cha bambo amene adayenda mtunda wa ola limodzi kudzafunsira mbeta. Kusintha kwa 2016 kudachotsa mawu amenewo ndipo kudalola munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Kudatsekanso njira yoti boma lizivomereza kapena kuchotsa mfumu, ndipo Bill 10, yomwe inkafuna kubweza mphamvu imeneyo, idagwa m'Nyumba ya Malamulo mu Okutobala 2020. Apa padakonzeka ndithu. Chomwe chidalephera ndi voti ya pa 11 Ogasiti 2016 yokuza ndime ya maufulu, momwe mudali ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi osaonongeka. Ovota sadakwane chiwerengero chofunika, ndipo nkhaniyo idagona pomwepo.

Maiko atatuwa saona ufumu ndi diso limodzi. Ku Malawi lamulo la mafumu la 1967 limapereka kwa pulezidenti mphamvu yokweza ndi kutsitsa mafumu, ndipo nyumba yachiwiri ya malamulo, momwe mafumu akadakhala, idafufutidwa mu 2001 isanakhalepo ndi tsiku limodzi. Ku Mozambique Frelimo idathetsa mafumu itangolandira ufulu, n'kudzawazindikiranso mu 2000 ndi m'malamulo a 2004. Ku Zambia kuli Nyumba ya Mafumu, asanu m'chigawo chilichonse, koma ntchito yake ndi kulangiza basi. Palibe mwa malamulo atatuwa limene limadziwa kuti mfumu ya ku Chifunde ndi mfumu ya ku Katete amamwa mtsinje umodzi ndipo amagwada pa bwalo limodzi.

Chilala cha 2024 chidaika zonsezi pambalambanda. Pa 29 Febuluwale pulezidenti wa Zambia, Hakainde Hichilema, adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa ndipo mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi a chimanga atapserera. Pa 23 Malichi Lazarus Chakwera, yemwe adali pulezidenti wa Malawi, adalengeza zomwezo m'maboma 23 mwa 28. Dzuwa lidali limodzi, koma boma lililonse lidayang'ana nkhokwe yake, ndipo Zambia idaletsa kutulutsa chimanga. Ndikumvetsa chifukwa chake. Koma lamulo lolembedwa kuti ligwire mathiraki a ochita malonda limagwiranso munthu amene wamanga thumba limodzi pa keliyala ya njinga, akukankha m'kanjira ka m'dambo usiku kupita nalo kwa mlongo wake amene ana ake agona ndi madeya. Munthu ameneyo akuchita zomwe umalume umamulamula, ndipo akagwidwa dzina lake ndi wozembetsa. Pa Mwami pali ofesi imodzi yogwirira ntchito maiko awiri, yomwe idatsegulidwa mu Disembala 2022, ndipo amalonda ang'onoang'ono ali ndi njira yopepuka ya COMESA. Ku mbali ya Mozambique njira imeneyo kulibe, poti dzikolo lidatuluka mu COMESA kalekale.

Kumpoto kwa dera lino, njovu 263 zidasamutsidwa mu 2022 kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Sizidachedwe kuoloka kulowa m'minda ya ku Zambia, ndipo anthu afa mbali zonse ziwiri. Pangano la maiko awiri losamalira nkhalango za m'malire lidasainidwa mu 2015, koma mlimi amene nkhokwe yake yaphwasulidwa sadziwa kuti akadandaule ku Lilongwe kapena ku Lusaka. Makala nawo amayenda chimodzimodzi: mbali ino akakhwimitsa, uvuni umakafuka tsidya linalo, matumba n'kubwerera pa njinga. Wolima dimba mpaka m'madzi ku gwero la Kapoche ku Zambia amatumiza mchenga kwa mnzake wa ku Tete. Bungwe la maiko asanu ndi atatu loyang'anira Zambezi lilipo, lochokera m'pangano la ku Kasane la 2004, koma maso ake ali pa Kariba ndi Cahora Bassa. Mitsinje ing'onoing'ono yomwe anthu amatungako ilibe bwalo.

Maboma atsopano adabwera. Sinda ndi Vubwi zidakhala maboma paokha mu 2012, ndalama za chitukuko cha dera la phungu zidakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mkangano wa Bill 7 mu 2025 udakhudzanso kudula madera a aphungu kuti achuluke kuposa 156. Sindikuzinyoza zimenezi, boma likayandikira mwana amalembetsa msanga ndipo mjigo umakumbidwa. Kungoti zonsezi ndi kugawa mkati mwa mzere wa 1891, pomwe mavuto amene akukula ndi odutsa mzerewo.

Chomwe ndikupempha ndi chochepa poyerekeza ndi zomwe Kamuzu ankafuna, koma chikusowa kulimba mtima. Malire akhale pomwe ali. Malamulo a maiko atatuwa azindikire kuti kuli nzika za m'malire, ndipo alole makhonsolo ndi mafumu oyandikana, monga Kawaza, Mbang'ombe, Kathumba, Mlolo ndi Pembamoyo pamodzi ndi anzawo a ku Chifunde ndi Mchinji, kupangana za mtsinje, za moto wa tchire, za makala ndi za chakudya cha pachibale m'chaka cha njala, mapanganowo n'kukhala ndi mphamvu m'khoti la mbali iliyonse. Bwalo lokumaniranapo lilipo kale ku Mkaika, ndipo lakhala likusonkhana zaka zoposa 40 popanda pangano la maboma.

Mafumu nawonso lamulo lomwelo liwamange. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a makolo asanduke a lizi ya zaka 99 mfumu ndi khonsolo zikavomereza, ndipo akasanduka sabwereranso. M'madera ambiri a Zambia midzi yadzuka n'kupeza waya pa dambo lomwe inkadyetsapo ng'ombe, kalata itasainidwa iwo osadziwa. Mu 2018 mafumu adatuluka mu msonkhano wa ndondomeko ya malo poopa kulandidwa mphamvu, ndipo ndondomeko ina idadzakhazikitsidwa mu 2021. M'mikangano yonseyi amalankhula ndi boma ndi mafumu. Amayi a mbumba, amene kuno ndiwo eni minda, amene amadziwa kuti malire a munda wa uje ndi chulu chija ndi mtengo wa mpoza uja, safunsidwa. Ngati ufumu upatsidwa mphamvu yopangana za mitsinje ndi nkhalango kudutsa malire, pakhalenso ndime yonena kuti kalata ya mfumu payokha siingachotse dambo, manda kapena gwero la mtsinje m'manja mwa mudzi popanda mbumba yake kuvomera pa bwalo, masana, mayina awo atalembedwa.